Mainasi imodzi inandidyera miyezi 7 ku Joni

Mufoni yanga muli chithunzi chimene sindifufuta ngakhale foniyo idandaule kuti yadzaza. Ndi chithunzi cha bolodi yobiriwira yolembedwa ndi choko, chimene ndinajambula masana ena mu Epulo 2017 mu ofesi ya pulofesa amene ankayang'anira kafukufuku wanga wa PhD. Pamzere wachitatu pakusowa kamzere kamodzi kopingasa, kachizindikiro kochotsera kaja timati mainasi. Ndinaona tsiku lomwelo kuti palibepo, mkuluyo asanatule n'komwe choko. Ndinangoti duu. Kukhala cheteko kunandidyera miyezi 7 ya ntchito, kenako chaka chathunthu chopanda basale.

Achinyamata a kumudzi amene amanditumizira mauthenga ofuna kudzachita masamu ndi fizikisi kuno amafunsa kwambiri za ndalama ndi mapepala. Zimenezo ndizinena kutsogoloku. Koma chimene chinatsala pang'ono kundibweza kwathu chimanjamanja si ndalama ayi.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Agogo anga aamuna anabwera kuno pa Wenela, ndipo anakumba golide mpaka boma la Kamuzu litaimitsa maulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70. Anabwerera ndi wailesi, njinga ndi chifuwa chosatherapo. Malume anabwera paokha m'zaka za m'ma 1990, ndipo mpaka lero amasamalira maluwa ndi kapinga m'mayadi a ku Northcliff ndi ku Linden. Ine ndine wachitatu pamtundu pathu kuponda Joni. Tsiku limene ndinamva kuti yunivesite ya Wits inayamba ngati sukulu ya za migodi ku Kimberley mu 1896 isanasamukire kuno, ndinaseka ndekha. Ndiye kuti agogo ali pansi ndi fosholo, pamwamba pa mitu yawo anthu ankaphunzira masamu a mgodi womwewo.

Digiri yoyamba ndinachita ku Chanco ku Zomba, kenako ndinaphunzitsa kusekondale zaka ziwiri. Chinanditulutsa m'dziko ndi AIMS, sukulu ya masamu imene Neil Turok anayambitsa mu 2003 ku Muizenberg, m'mphepete mwa nyanja ku Cape Town. Akakutenga, pogona, chakudya ndi sukulu yonse amalipira ndi iwowo, ndipo maphunziro ake sakwana n'komwe chaka. Pano ali ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Ngati muli ndi digiri ya masamu, fizikisi kapena kompyuta koma m'thumba muli mbee, khomo loyamba kugogoda ndi limenelo. Lina ndi ICTP ya ku Trieste ku Italy, imene Abdus Salam anakhazikitsa mu 1964, komwe kuli dipuloma ya chaka chimodzi ya ophunzira ochokera m'mayiko ngati lathu.

Ku Joni ndinafika mu 2014 kudzachita Masters. Ndinafikira kwa malume, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Rosettenville, bedi limodzi ndi matiresi pansi. Ndi iwo anandiphunzitsa kuimitsa takisi yopita m'tauni poloza chala m'mwamba, komanso kutsitsa mawu foni ikalira muli m'takisimo. Usiku wina tikudya nsima ya usipa umene unabwera pa basi, anandifunsa:

"Kodi mphwanga, sukulu yakoyi ndi ya chiyani kwenikweni? Amayi ako akandifunsa ndiziti chiyani?"

Ndinawauza kuti m'fizikisi muli anthu a makina, amene amayeza zinthu, ndiye muli ife a pepala ndi bolodi. Ntchito yathu ndi kutenga malamulo amene chilengedwe chimayendera, kuwalemba m'masamu, n'kufufuza ngati sakutsutsana okhaokha komanso chimene akulosera. Ndinawapatsa chitsanzo chimene ndimachikonda mpaka lero. Mayi wina wa ku Germany, Emmy Noether, anasonyeza mu 1918 kuti paliponse pamene lamulo la chilengedwe silisintha iwe ukasintha chinachake, pamenepo pali chinthu chimene chimasungika osatayika. Ngati lamulo logwetsa mwala lero ndi lomwelo la mawa, ndiye kuti mphamvu siitayika, imangosintha maonekedwe. Ngati lamulo la ku Joni ndi lomwelo la ku Ntcheu, chimasungika ndi kulemera kuchulukitsa ndi liwiro, chija m'kalasi timati momentum. Mayiyo sanayeze kanthu. Anangotsatira masamu mpaka pamene anamufikitsa.

Malume anatafuna kaye, n'kuti, "Ndiye amakulipira pa zimenezo?" Ndinati pang'ono. Anati, "Basi, ndiwauza kuti ndiwe mphunzitsi."

Kuti mumvetse chimene chinalakwika pabolodi paja, ndiloleni ndikulowetseni m'masamu pang'ono. Sindikukhalitsani.

Mu 1905 Einstein anasonyeza kuti nthawi ndi malo n'zolukanalukana, ndipo mu 1908 Hermann Minkowski anazilemba ngati chinthu chimodzi cha mbali 4: imodzi ya nthawi, zitatu za malo. Ukamawerengera mtunda m'dziko la mbali 4 limeneli, nthawi imatenga chizindikiro chosiyana ndi cha malo. Apa ndi pamene anthu anagawanika. Ambiri ofufuza tizidutswa ting'onoting'ono ta zinthu amapatsa nthawi pulasi, malo mainasi. Ambiri ofufuza mphamvu yokokera pansi ndi a string theory, chiphunzitso chakuti tizidutswato ndi timaulusi tonjenjemera, amatembenuza: nthawi mainasi, malo pulasi. Onse akulondola. Zili ngati kuyendetsa galimoto. Kwathu ndi kuno timayenda kumanzere, ku Congo amayenda kumanja, ndipo palibe wochimwa. Ngozi imabwera ukasakaniza ziwirizi mumsewu umodzi.

Ndiye pali zilembo zitatu zimene aliyense wowerengera kugundana kwa tizidutswati amagwiritsa ntchito: s, t ndi u. Anaziyambitsa mu 1958 ndi Stanley Mandelstam, mwana wobadwira muno mu Johannesburg mu 1928, amene anayamba ndi digiri ya uinjiniya wa makemikolo ku Wits asanapite ku Cambridge ndi Birmingham, n'kukathera ku Berkeley ku America komwe anamwalira mu 2016. Ku Wits kuli gulu la ofufuza lotchedwa ndi dzina lake. Ubwino wa zilembozi ndi wakuti ukaziphatikiza zonse zitatu, yankho liyenera kufanana ndi kulemera kwa kachidutswa kalikonse kuchulukitsa ndi kulemera kwake komwe, n'kuphatikiza za tizidutswa tonse tinayi, tiwiri togundana ndi tiwiri totuluka. Koma ngati uli kumbali yopatsa nthawi mainasi, polemba s, t ndi u uyenera kuika mainasi kutsogolo. Ukaiwala, zonse zimatembenuka.

Ine m'makope mwanga ndinali kumbali imeneyo kuyambira tsamba loyamba. Pulofesa anakulira kumbali inayo. Tsiku limenelo, ali mkati mondifotokozera njira yachidule, dzanja lawo linalemba s monga linazolowera, popanda mainasi. Ndinaona. Ndinatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Mumtima ndinati, munthu amene walemba mapepala zaka zoposa 20 sangaphonye kanthu kotere, payenera kukhala chifukwa chimene ndidzachimvetse ndikakhwima. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ndinatulutsa foni, kujambula, kuthokoza, n'kutuluka.

Ndalingalira kwambiri chifukwa chimene ndinakhalira chete, ndipo sikuti ndi mantha okha. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akalakwitsa sumuwongola pamaso. Kusukulu yapulayimale amene ankati "aphunzitsi, mwalakwitsa" ankakalima kumunda wa sukulu. Ndinafika kuno ndikulandira choko ndi manja awiri, anzanga n'kumandiseka. Iwo ankaitana pulofesa ndi dzina lake loyamba, ngati mnzawo wa pa bawo. Ine lilime linkakana, ndinkangoti Prof. Ku Muizenberg ndinali nditaphunzira kutsutsana ndi anzanga mpaka pakati pa usiku, koma anzako ndi anzako. Kukhala awiriwiri ndi munthu amene siginecha yake ndi imene ikusunga basale yako, amene kalata yake ndi imene umapita nayo kokawonjezera viza, ndi nkhani ina. Komanso musaiwale kuti mu Epulo 2015 alendo ankasakidwa ku Durban ndi muno mu Joni, boma lathu mpaka kutumiza mabasi odzatenga anthu. Munthu wobwera amazolowera kudzichepetsa paliponse, ndipo chizolowezicho sichitsala pakhomo ukamalowa mu ofesi.

Ndinakalowetsa njira ya pulofesayo m'chigawo chimodzi cha ntchito yanga, zigawo zina zili m'kalembedwe kanga. Patapita masabata angapo ndinafika poyesa ngati zonse zikugwirizana. Pamayeso amenewo zigawo zonse zimayenera kudyana mpaka kutsala ziro. Sizinathe. Panatsala kachidutswa kamodzi ka masamu kokana kufa.

Tsoka lake n'lakuti m'ntchito yathu kachidutswa kotsala si nthawi zonse kamakhala kolakwika. Mu 1969 Stephen Adler payekha, komanso John Bell ndi Roman Jackiw, anapeza kachidutswa kotere kokana kuchoka, ndipo kanali kenikeni. Ndi kamene kanafotokoza chifukwa chake kachinthu kotchedwa pion, kaja kopanda magetsi, kamasweka n'kusanduka tizidutswa tiwiri ta kuwala pa liwiro limene oyeza ankaona. Zoterezi timazitcha anomaly, ndipo wophunzira aliyense amalota atapeza yake. Nditawaonetsa pulofesa maso awo anawala. Anati ndiwerengerenso kawiri. Ndinawerengeranso kanayi, koma nthawi zonse ndinkayambira pa chithunzi chomwe chija, ndiye yankho linkabwera lomwelo.

Miyezi ya chisanu yonse ndinathera pamenepo. Amene sanakhaleko kuno mu Juni ndi Julayi sadziwa kuti Joni amazizira kuposa Dedza, m'mawa kapinga atayera ndi chisanu. Ndinkagona mu ofesi masiku ena, bulangete lili m'kabati ya mabuku, chifukwa kubwerera ku Rosettenville usiku sikunali kwanzeru. Ndinalemba masamba oposa 40 mu LaTeX, pulogalamu ya pakompyuta yolembera masamu. Ndinawauza amayi pafoni kuti ndapeza chinthu chimene palibe anachipezapo, iwo n'kukanena kumpingo. Kamtima kena kankandikumbutsa za mzere wachitatu uja, ndipo tsiku lina ndinayesadi kuphatikiza s, t ndi u kuti ndione. Koma ndinayesera pa tizidutswa topanda kulemera, poti mpamene masamu ake amafulumira. Yankho linabwera ziro, monga liyenera kukhalira. Ndinapuma. Sindinaganize kuti ziro alibe mbali: umuike pulasi, umuike mainasi, ndi ziro yemweyo. Kunena zoona, ndinasankha mayeso amene sakanandigwira.

Mu Novembala, majakaranda atachita maluwa misewu yonse ili bii, ndinaimirira pamaso pa gulu lathu kufotokoza ntchitoyo. Tinkafuna sabata yotsatira tiitumize pa arXiv, malo a pa intaneti amene Paul Ginsparg anayambitsa mu 1991, komwe anthu a fizikisi ndi masamu amaika mapepala awo dziko lonse liwerenge asanasindikizidwe m'magazini a sayansi. Chimene waika kumeneko sichifufutika. Ukhoza kukonza kapena kulengeza kuti wachibweza, koma choyambacho chimakhalapobe, aliyense n'kumachiona.

Ndili pa tsamba lachisanu ndi chimodzi, mtsikana wina wa konkuno, wa Masters chaka choyamba, anakweza dzanja uku akutafuna apulo. Anati sakumvetsa. Anafunsa kuti kodi s wa patsamba lino ndi yemwe uja wa patsamba lachiwiri? Ndinati eya. Anati ndiye tabwezeretsani kulemera muphatikize zitatuzo tione. Ndinatenga choko. Ndisanafike kumapeto kwa mzere ndinali nditadziwa kale. Yankho linatuluka ndi mainasi kutsogolo. M'chipinda monse munangoti zii, kenako pulofesa anaseka kwambiri, n'kunena kuti dzanja limenelo ndi lawo, akulizindikira. Titakonza, kachidutswa kanga kaja kanadyana ndi kanzake bwinobwino. Panatsala ziro.

Anthu atatuluka anandiuza kuti nditsale. Anafunsa ngati ndinali ndisanazionepo. Ndikananama, ndipo palibe akanadziwa. Koma ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi chija, n'kunena kuti ndinaona tsiku lomwelo. Nkhope yawo inasintha. Pa zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito, ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona atapsa mtima. Anati iwo amalakwitsa pabolodi sabata iliyonse, ndipo chifukwa chokhalira ndi munthu wachiwiri m'chipindamo n'chakuti awagwire. Anati ngati ndikungovomera zilizonse ndiye kuti akugwira ntchito okha, ine ndangokhala mlembi.

Usiku umenewo sindinadye. Malume anandisiya mpaka m'mawa, ndipo poti linali Loweruka ananditenga kuntchito kwawo ku Linden kuti ndikawathandize kunyamula manyowa. Ndinawafotokozera zonse tili m'takisi. Sanayankhe. Tili pantchito, mayi wa nyumbayo anatuluka ndi timitengo ta maluwa timene anagula, n'kuloza pakona pena kuti tibzalidwe pamenepo. Malume anavula chipewa, anamvetsera mpaka mayiyo atamaliza, kenako anati angathe kubzala pomwepo ngati akufuna, koma pakonapo ndi pamene chisanu chimagona m'nyengo yozizira, ndipo mitengo yamtunduwo siidzaona Ogasiti. Analoza pena pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto, pamene dzuwa limafika. Mayiyo anaganiza pang'ono n'kuvomera. Atalowa m'nyumba, malume anavalanso chipewa n'kuti:

"Waona? Chipewa ndavula, koma ndanena. Ndikanakhala chete, chaka chamawa akanati wapha maluwa ndani? Iwe unasokoneza ulemu ndi mantha, mphwanga. Safunsa anadya phula."

Sindinasinthe tsiku limodzi. Lilime lozolowera kugona silidzuka ndi mwambi. Ndinachita kudziikira lamulo ngati la mankhwala: semina iliyonse, funso limodzi, ngakhale mtima ugunde bwanji. Mafunso oyambirira anali ombwambwana, ena ndikawakumbukira ndimagwira kumaso. Koma ndinazindikira kuti ndikati "sindinamvetse mmene mwachokera apa kufika apo," theka la chipinda limapumira m'mwamba chifukwa nawonso anali atasochera. Ndinapezanso kanenedwe kondiyenera. Mpaka lero sinditha kuuza wamkulu kuti "mwalakwitsa." Ndimati, "Prof, kwa ine pakutuluka mainasi, tiyeni tione pamene tasiyana." Nthawi zina wolakwa amakhala ine, ndipo zimatha m'mphindi zisanu m'malo mwa miyezi 7.

Pali tizizolowezi tina timene ndinatengapo. Kope lililonse latsopano, tsamba loyamba ndimalemba kalembedwe kamene ndikutsatira, nthawi pulasi kapena mainasi, ndipo fomula iliyonse yochokera m'buku kapena m'pepala la munthu wina ndimayamba ndafufuza kuti mwini wake ali mbali iti. Ndikapeza yankho londisangalatsa kwambiri ndimalikayikira kuposa londikhumudwitsa. Ndipo ntchito ndimaionetsa kwa anthu ikadali yaiwisi, makamaka kwa ana a Masters, chifukwa iwo sanaphunzire kuchita manyazi ndi mafunso ophweka.

Tsopano za ndalama ndi mapepala zija. Basale yanga inali ya zaka zitatu, ndipo inatha kumapeto kwa 2018 ntchito isanathe. Chaka cha 2019 ndinakhalira kuchonga mayeso a ana a chaka choyamba ndi kuphunzitsa masamu ana a matric, kalasi yomaliza ya sekondale kuno, m'nyumba zomwezo zimene malume amadulako kapinga. Iwo ndi amene ankandipezera makasitomala. Dziwani kuti viza ya sukulu imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata, ndiye musawerengere ganyu ngati njira yolipirira zonse. Viza imeneyi mufunsire muli kumudzi. Pasipoti yathu imatilola kulowa ngati alendo masiku 30, koma simungalowe ngati mlendo n'kusinthira konkuno kukhala wophunzira. Adzafuna kalata yakuti yunivesite yakulandirani, kalata ya kupolisi, umboni wa ndalama, ndi medical aid yolembetsedwa muno mu South Africa, osati ya kwathu. Digiri yanu iyenera kupita ku SAQA kuti aiyeze kuti ikufanana ndi iti ya kuno, ndipo zimenezi yambani msanga, miyezi ingapo sukulu isanatsegulidwe. Kuno digiri yoyamba ya sayansi ndi ya zaka zitatu, kenako pali chaka cha Honours, ndiye Masters. Malo amene mudzayambire adzadalira zimene pepala la SAQA lanena ndi zimene dipatimenti yaona.

Ophunzira ochokera m'mayiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, kungowonjezerapo kandalama ka olembetsa ochokera kunja. Koma basale ndi yovuta kuposa nthawi yanga. Kuyambira 2021 bungwe la NRF, limene limathandiza ophunzira ambiri a Masters ndi PhD, limapereka 95 pa 100 iliyonse kwa nzika ndi okhazikika muno, 5 yotsalayo n'kugawana ife tonse akunja. Anaikanso malire a zaka: wofunsira ya PhD asapitirire zaka 32. Amene mukuti ndiyambe ndaphunzitsa kaye zaka khumi ndimange nyumba, werengerani bwino. Njira imene imathandiza ambiri ndi kupeza pulofesa amene ali ndi thumba lake la kafukufuku. Mulembereni mwachindunji, mwachidule, mutawerenga pepala lake limodzi, ndipo m'kalatamo muikemo funso lenileni la papepalalo. Makalata oyamba ndi ndime zitatu za malonje ndi madalitso, anthu a kuno sawafika kumapeto.

Ntchito yanga ndinaipereka kumayambiriro kwa 2020, ndipo mayankho a oyesa atatu anandipeza dziko litatsekedwa chifukwa cha Covid, kutseka kumene kunayamba pa 27 Malichi. Mutu umodzi wa m'bukumo ndi umboni wakuti m'masamu athu aja mulibe anomaly, zonse zimadyana mpaka ziro. Si zimene ndinkalota, koma n'zoona, ndipo anthu angapo azigwiritsapo ntchito. Nditawaimbira amayi kuti tsopano ndine dokotala, anati zikomo Ambuye, kenako anayamba kundifotokozera za bondo lawo.

Musaganize kuti PhD ikatha ndiye kuti mwafika. Chotsatira ndi postdoc, ntchito ya kafukufuku ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ikatha n'kusakanso ina. Kuno kawirikawiri postdoc sawerengedwa ngati wolembedwa ntchito. Ndalama yake ndi ngati basale, ilibe penshoni, ndipo kubanki ukafuna ngongole ya nyumba amakuyang'ana kawiri. Chakumapeto kwa chaka chilichonse timakhala tikutumiza makalata ku mayunivesite a m'mayiko osiyanasiyana, ambiri osayankhidwa n'komwe. Mwa anzanga amene tinkakhala nawo ofesi imodzi, ochuluka ali ku Sandton, m'mabanki ndi m'makampani a inshulansi, kuwerengera za ndalama ndi masamu omwewo. Mtsikana wa apulo uja ali komweko, ndipo galimoto yake ndikaiona ndimayamba kudzifunsa mafunso. Sindiwanena kuti anathawa. Amene ali ndi ana ndi makolo owadalira sangadikire mpando wa ulekichala umene sudziwika kuti udzatseguka liti. Ine ndatsalabe, pano ndili pa kontirakiti yophunzitsa ndi kufufuza, ndipo mwezi ukatha ndimathamangira ku Mukuru ngati wina aliyense wa ku Rosettenville. Chimandisunga n'chakuti pakapita miyezi pamabwera tsiku limodzi limene masamba makumi angapo amapindika n'kukhala mzere umodzi waufupi, ndipo kwa maola ochepa padziko lonse wodziwa zimenezo umakhala uli wekha. Sindinapeze china chofanana nacho. Komabe kubwerera kumudzi ndimakuganizira, makamaka pano pamene mayunivesite achuluka ndipo ofuna kuphunzira fizikisi yozama alibe owaphunzitsa okwanira.

Chaka chatha mnyamata wina wa ku Zomba anandilembera kupempha zowerenga. Ndinamutumizira manotsi anga a mmene lamulo la Noether limagwirira ntchito, masamba 12. Patatha masabata awiri anayankha ndi kalata yaitali. Anayamba ndi kundifunsa za moyo, za banja, za nyengo ya kuno, anathokoza Mulungu chifukwa cha ine, anapepesa pondivutitsa. Pansi penipeni, atatsanzika kale, anawonjezera kuti mwina ndi iyeyo amene sakumvetsa, ndimukhululukire, koma patsamba lachinayi kwa iye pakutuluka theka la zimene ndalemba. Ndinatsegula manotsiwo. Ndinali nditaiwala 2 pansi pa mzere, ndipo manotsi amenewo ndakhala ndikugawira ophunzira zaka zitatu.

Ndinamuyankha kuti akulondola, ndiponso kuti ulendo wina chiganizo chimenecho chizikhala choyamba m'kalata, malonje azibwera pambuyo. Mapepala ake ali ku SAQA pano. Zikayenda adzakwera basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge kumapeto kwa Januwale, ndipo ndidzakamuchingamira ku Park Station. Malume avomera kuti afikire kwawo mwezi woyamba, bola abweretse usipa wa ku Mangochi ndi ufa woyera, chifukwa wa m'mashopu a kuno iwo sanauzolowerebe.